Mbiri ya Malonda a Kaboni M'nkhalango za kwa Shikabeta

Dera la Mfumu Shikabeta lili m'boma la Rufunsa, m'chigawo cha Lusaka ku Zambia, kumpoto kwa msewu waukulu wa Great East Road, kumene mapiri amatsetserekera m'chigwa cha mtsinje wa Lunsemfwa. Ndi limodzi mwa madera atatu a mafumu a Asoli m'bomalo. Ena awiriwo ndi a Mfumu Mpanshya ndi Mfumu Bunda Bunda. Boma la Rufunsa ndi la dzulodzuloli, popeza linapatulidwa ku Chongwe mu 2012, koma ufumu wa Shikabeta ndi wakale, ndipo anthu ake amasonkhanabe pa mwambo wawo wa Nkomba Lyanga. Kumtunda kuli nkhalango za miombo, ndipo kuchigwa kotentha kumamera tsanya ndi malambe. Kwa zaka pafupifupi khumi tsopano, gawo la nkhalango zimenezi lakhala pa malonda achilendo, otchedwa malonda a kaboni: anthu amalandira ndalama chifukwa chosadula mitengo, ndipo ogula ake ndi makampani a kutali amene mafuta ndi mafakitale awo amatulutsa mpweya wotenthetsa dziko.

Kale nkhalango inali m'manja mwa mfumu ndi nyakwawa zake. Wofuna munda watsopano ankapempha kwa nyakwawa, ndipo tchire lotsala linali nkhokwe ya mudzi wonse. Kumeneko n'kumene kunkachokera uchi, bowa, masuku, mphalabungu, mankhwala, luzi la mombo, mitengo yomangira nyumba ndiponso ndiwo za nyama. Malo ena, monga kumanda, nkhwangwa sinkafikako. Malamulowa sanalembedwe papepala, koma aliyense ankawadziwa, ndipo wowaswa ankayankha mlandu pabwalo.

Ulamuliro wa atsamunda unasintha mwini wake wa tchire. Dzikoli linayamba lakhala m'manja mwa kampani ya British South Africa Company, kenako boma la Britain linalitenga mu 1924. Lamulo la 1928 linagawa malo: ena akhale a boma ndi azungu, ena akhale a eni dziko. Mzinda wa Lusaka, umene unakhala likulu mu 1935, unamangidwa pa nthaka ya Asoli. Kusaka nyama kunayamba kufuna chiphaso, ndipo mlenje amene dzulo ankalemekezedwa m'mudzi anasanduka wakuba pamaso pa lamulo. Ufulu wa 1964 sunabweze mphamvuzo kumidzi. Lamulo la nkhalango la 1973 linaika mitengo yonse m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa mtundu wonse, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 boma linakhazikitsa madera osungirako nyama momwe anthu amaloledwa kukhalamo. Chigwa cha Luano, mmene muli mbali ya dziko la Shikabeta, chinakhala limodzi mwa maderawo.

Patapita zaka, boma linavomereza kuti nyama sizingatetezedwe ndi mfuti za alonda okha pamene eni mudzi sakupindulapo kanthu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera ndondomeko ya ADMADE, yobwezera kumidzi gawo la ndalama zimene alenje olemera ochokera kunja ankalipira. Lamulo la nyama zakutchire la 1998 linakhazikitsa mabungwe a anthu a m'dera, odziwika ndi dzina lakuti CRB, osankhidwa kuchokera m'timagulu ta m'midzi, mfumu ikukhala kholo la bungwelo. Ndalama za alenje sizinali zodalirika. Nthawi zambiri zinkachedwa kufika, ndipo pamene nduna ya zokopa alendo, Sylvia Masebo, inaimitsa kusaka mu 2013, mabungwe ambiri anatsala manja lende. Komabe mabungwewa ndi ofunika m'mbiri ino, chifukwa ndiwo anadzakhala khomo lolowera ndalama za kaboni.

Pamene za nyama zinali choncho, mitengo inali ikutha ndi makala. Lusaka ndi mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni, ndipo mabanja ambiri kumeneko amaphikira pa mbaula. Wootcha makala amasankha mitengo yolimba ya miombo, kuidula m'zipika, kuziunjika mwadongosolo, kuzifunditsa udzu ndi zibuma, n'kuyatsa moto ku mbali imodzi. Kwa masiku angapo amagona pafupi ndi uvuni wake, akumata paliponse pamene pang'ambika, chifukwa mphepo ikalowa yambiri zipika zonse zimasanduka phulusa. Akafukula amalongedza m'matumba, pamwamba n'kulukapo mutu wa timitengo ndi luzi kuti thumba lioneke lodzadza bwino. Matumba otere ndiwo amandandalikidwa m'mbali mwa Great East Road kuyambira ku Chongwe mpaka cha ku mlatho wa Luangwa, kudikira malole. Ntchitoyi ndi yowawa ndipo phindu lalikulu amadya ndi onyamula ndi ogulitsa m'tauni, koma kwa banja limene chimanga chapsa m'munda, makala ndiyo ndalama yapafupi. Kwa zaka zambiri boma linkawerengera kuti Zambia imataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango pachaka. Kafukufuku wina wapambuyo pake anapeza chiwerengero chotsikirapo, ndipo kusiyana kotereku n'kumene kwadzetsa mkangano waukulu pa malonda a kaboni. Madera ovuta kufikako, monga kuchigwa kwa Shikabeta, anasunga mitengo yawo nthawi yaitali kuposa a m'mphepete mwa msewu wa tala.

Ganizo logulitsa kaboni linabadwira kutali. Pangano la Kyoto la 1997 linalola maiko olemera kulipira ntchito zochepetsa mpweya woipa m'maiko osauka n'kuwerengera phindulo ngati lawo, koma kuteteza nkhalango zachilengedwe sikunali m'gulu la ntchitozo. Mu 2005, pa msonkhano wa ku Montreal, maiko a Papua New Guinea ndi Costa Rica anapempha kuti dziko losunga nkhalango zake lizilipidwanso. Misonkhano ya ku Bali mu 2007 ndi ku Cancun mu 2010 inalikuza ganizolo, limene linatchedwa REDD+, ndipo pangano la ku Paris la 2015 linalivomereza. Zambia inali m'gulu la maiko oyamba amene bungwe la United Nations linawasankha kuti ayesere ndondomekoyi. Pambali pa zokambirana za maboma panakula msika wina, wa makampani ogula mwa kufuna kwawo, ndipo ambiri a iwo amadalira kaundula wa bungwe la Verra la ku Washington.

M'boma la Rufunsa malondawa anafika ndi kampani ya BioCarbon Partners, imene Hassan Sachedina anayambitsa mu 2012. Ntchito yake yoyamba, Lower Zambezi REDD+ Project, inali pa malo a mwini wake otchedwa Rufunsa Conservancy, a mahekitala pafupifupi 40,000, oyandikana ndi nkhalango yosungirako nyama ya Lower Zambezi. Inali ntchito yoyamba ya mtunduwu ku Zambia kuvomerezedwa pa muyeso wa Verra. Kumeneko kukambirana kunali kophweka, popeza mwini malo anali mmodzi ndipo anali ndi zikalata. Nthaka ya mafumu inali nkhani ina. Mu 2014 bungwe la USAID linapereka thandizo la zaka zisanu kuti ntchitoyi ifalikire ku midzi, ndipo zotsatira zake zinali Luangwa Community Forests Project, yokuta mahekitala pafupifupi 944,000 m'madera a mafumu 12 a m'zigawo za Lusaka ndi Kum'mawa. Shikabeta anali mmodzi mwa mafumuwo, pamodzi ndi Mpanshya, Nyalugwe, Luembe ndi ena a m'chigwa cha Luangwa. Pa kukula kwa malo, ntchitoyi inatchuka kuti ndi yaikulu koposa zonse za REDD+ mu Africa.

Kuti mudzi ugulitse kanthu, uyenera kukhala mwini wake pamaso pa lamulo, ndipo lamulo la 1973 silinkapereka mpata umenewo. Lamulo latsopano la nkhalango, Nambala 4 la 2015, linatchula kaboni m'gulu la zokolola za m'nkhalango limodzi ndi matabwa ndi makala, ndipo linalola anthu a m'dera kupanga gulu lovomerezeka loyang'anira nkhalango yawo, mfumu itavomera. Malamulo aang'ono a 2018 analongosola mmene gululo lingalembetsedwere, ndipo a 2021 anakhazikitsa chilolezo chapadera kwa aliyense wofuna kuchita malonda a kaboni wa m'nkhalango. Umwini wa mitengo unatsalabe m'manja mwa Pulezidenti. Chimene mudzi unapatsidwa ndi ufulu woyang'anira ndi kudyerera, ufulu umene boma lingathe kuulanda ngati pangano laswedwa. Ngakhale zili choncho, lamulo lolembedwa linazindikira mudzi ngati woyang'anira tchire lake, ndipo ichi n'chinthu chachikulu chimene otsutsa malondawa saayenera kuchiiwala.

Pansi penipeni ntchito imayamba ndi misonkhano. Anthu amagwirizana kuti mbali iti ya tchire ikhale yotetezedwa ndipo iti itsalire minda ndi midzi, malire n'kuikidwa zizindikiro. M'mbali yotetezedwayo simuloledwa kuswa mphanje, kuotcha makala kapena kucheka matabwa, koma kutola bowa, zipatso, mankhwala ndi kufula uchi kumapitirira. Achinyamata ena amalembedwa ntchito ya ulonda, ndipo amayendera malire pamodzi ndi alonda a boma. Mapanganowa ndi a zaka 30, kutanthauza kuti ana amene anali kumbuyo kwa amayi awo pa tsiku losainirana adzawapeza akugwirabe ntchito iwo atakhala ndi mabanja ofuna minda.

Kuyeza kaboni kuli ndi mbali ziwiri, ndipo yoyamba ndi yooneka ndi maso. Gulu la oyeza limalowa m'nkhalango ndi makina a GPS kufunafuna malo amene kompyuta inasankhiratu. Likafika limakhoma chikhomo pakati, kutambasula chingwe mozungulira, n'kuyeza mtengo uliwonse wa mkati mwa bwalolo. Tepi imakulungidwa pa thunthu pa msinkhu wa mita 1.3 kuchokera pansi, cha pachifuwa pa munthu wamkulu, ndipo wolemba amalemba dzina la mtengowo, kunenepa kwake ndi kutalika kwake. Apa nzeru za eni dera zimafunika, chifukwa ndiwo amasiyanitsa mitengo poona khungwa lokha m'chilimwe masamba atayoyoka. Kuchokera pa miyeso imeneyi akatswiri amawerengera kulemera kwa mtengo utauma. Pafupifupi theka la kulemerako ndi kaboni, ndipo tani imodzi ya kaboni ikapsa imatulutsa matani 3.67 a mpweya wa carbon dioxide. Chiphaso chimodzi chogulitsidwa pamsika chimaimira tani imodzi ya mpweya umenewu.

Mbali yachiwiri siioneka. Wogula salipira kaboni yense wosungidwa m'mitengo. Amalipira yekhayo amene akanapita mumlengalenga ntchitoyo ikanapanda kukhalapo. Choncho pamafunika kulosera kuti nkhalango ikanatha mofulumira bwanji. Akatswiri amasankha dera lina lofanana nalo limene linadulidwa kale, kuona pa zithunzi za setilaiti mmene mitengo inatheramo chaka ndi chaka, n'kunena kuti zomwezo zikanachitikanso kuno. Kusiyana kwa ulosiwo ndi zimene zachitikadi ndiko kumasanduka ziphaso. Pamachotsedwa gawo la mitengo yodulidwa kwina ndi anthu amene angosamutsa nkhwangwa zawo, ndipo gawo lina limasungidwa padera kuchitira moto kapena tsoka lina. Ofufuza oima paokha akavomereza, Verra imalemba ziphasozo m'kaundula. Vuto lake likufanana ndi la mbusa wolipidwa potengera mbuzi zimene fisi akanagwira iye akanapanda kukhalapo: akachulukitsa afisi m'nkhani yake, malipiro akenso amakwera, ndipo palibe angapite kukawerenga mbuzi zimene sizinagwidwe. Munthu wa kwa Shikabeta angathe kutsutsa tepi ikakulungidwa molakwika, koma masamu a ulosi amachitikira kutali ndi iye, m'Chingerezi, m'zikalata za masamba mazanamazana.

Wogula wamkulu anapezeka mu 2019, pamene kampani ya mafuta ya ku Italy, Eni, inasainirana pangano ndi BioCarbon Partners logula ziphaso za ntchito ya Luangwa mpaka 2038. Mu 2020 kampani ya BioCarbon Partners inalengeza kuti yapereka K50 miliyoni ku madera a mafumu 12 aja. Ndalama zimadzera ku mabungwe a m'dera, ndipo misonkhano ya m'midzi ndiyo imasankha chochita nazo. M'madera a ntchitoyi zapita ku mijigo, zipinda zophunziriramo, nyumba za aphunzitsi, zipatala zazing'ono, zigayo, ming'oma ya njuchi ndi maphunziro a ulimi wosunga chinyezi m'nthaka. Kwa dera lakutali kumene chitukuko cha boma chimafika mochedwa, izi si zazing'ono. Mayi amene ankatunga madzi kumtsinje wa ng'ona amadziwa yekha kufunika kwa mjigo. Komabe K50 miliyoni ikagawidwa kwa anthu onse a madera 12, chofika pa munthu mmodzi n'chochepa, ndipo phindu lake ndi la gulu pamene chiletso chimagwera munthu payekha. Sukulu ndi ya onse, koma uvuni umene sunayatsidwe unali wa banja limodzi. Apa m'pamene pamachokera madandaulo ambiri m'ntchito zotere: anthu amafuna kudziwa kuti chiphaso chinagulidwa pa mtengo wanji, kampani inatengapo zingati, boma zingati, ndipo mfumu ndi komiti anagawa motani zotsalazo.

Mitengo ya ziphaso nayo ikuonetsa mbali imene kuli mphamvu. Pa msika wa ogula mwa kufuna kwawo, chiphaso cha nkhalango chakhala chikugulidwa madola ochepa, kawirikawiri osafika 15. Pa msika wokakamiza wa maiko a European Union, chilolezo chotulutsa tani imodzi ya mpweya womwewo chinapitirira mayuro 100 mu February 2023.

Kukayikira masamu a ulosi kunafika pa ntchito ya Luangwa mu 2021, pamene bungwe la Greenpeace la ku Italy linatulutsa lipoti lolembedwa ndi katswiri wa zachuma wa ku Zambia, Kelvin Mulungu. Lipotilo linati dera limene linasankhidwa kukhala chofanizira linali losiyana ndi nkhalango zotetezedwazo, makamaka pa kuchuluka kwa anthu, kotero kuti chiopsezo chinakuzidwa ndipo ziphaso zinachuluka kuposa mpweya wopulumutsidwadi. Oyendetsa ntchitoyo ndi ogula ake amaimirira pa mfundo yakuti zonse zinayesedwa ndi ofufuza oima paokha motsata malamulo a Verra. Mu January 2023 nyuzipepala za The Guardian ndi Die Zeit, pamodzi ndi atolankhani a SourceMaterial, zinalemba kuti ziphaso zoposa 90 pa 100 zilizonse za nkhalango zamvula zimene zinafufuzidwa m'kaundula wa Verra sizinkaimira mpweya wopulumutsidwa weniweni. Verra inatsutsa, koma mkulu wake, David Antonioli, anatula pansi udindo chaka chomwecho. Kutsidya kwa Zambezi, ntchito yaikulu ya Kariba REDD+ ku Zimbabwe inagwa m'mavuto ofananawo, ndipo kampani ya South Pole, imene inkagulitsa ziphaso zake, inachokamo mu October 2023. Ogula ambiri anabwerera m'mbuyo ndipo mitengo inatsika. Mu November 2023 Verra inatulutsa njira yatsopano imene ulosi wa kutha kwa nkhalango umawerengedwa pa dziko kapena chigawo chonse, osati ndi kampani yogulitsa ziphaso. Kusinthaku n'koyenera, ngakhale kuti kumene ziphaso zidzachepe, ndalama zofika kumudzi zidzachepanso, mudziwo usanalakwe kalikonse.

Pali funso lina limene masamu sangaliyankhe. Kaboni wa mafuta anakhala pansi pa nthaka zaka mamiliyoni ambiri, ndipo akatuluka, gawo lake limakhala mumlengalenga zaka mazana. Kaboni wa mu mtengo wa mombo ndi wongosungitsa: moto wolusa wa mu October, chilala kapena kutha kwa pangano zingathe kumutulutsa. Kuika ziwirizi pa sikelo imodzi n'kumene mabungwe ambiri oteteza chilengedwe amakana.

Nyengo yomwe malondawa amati akuiteteza yasintha kale kwa Shikabeta ndi madera oyandikana nawo. Kutentha ku Zambia kwakwera ndi madigiri pafupifupi 1.3 kuchokera mu 1960, ndipo zigwa, zimene n'zotentha kale, ndizo zimamva msanga. Chilala chinagwa mu 1991/92, mu 2015/16 ndi mu 2018/19, koma cha 2023/24, chodza ndi El Niño, chinaposa zonsezi. Mvula inadula mu January ndi February chimanga chili pafupi kumasula. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo anati mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga awonongeka, m'maboma 84 mwa 116. Chigawo cha Lusaka chinali m'gulu la zokhudzidwa kwambiri. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo mabanja a m'tauni amene ankaphikira magetsi anabwerera ku mbaula. Motero chaka chimene mlimi wa ku Rufunsa analibe chokolola n'chomwecho chimene makala anafunika kwambiri ku Lusaka. Kusunga pangano la nkhalango m'chaka chotero kumafuna kudzimana kwakukulu, ndipo odzimanawo ndi anthu a dziko limene munthu mmodzi satulutsa ngakhale tani imodzi ya mpweya wochokera ku mafuta pachaka, pamene wa ku United States amatulutsa matani oposa 13.

Boma lakhala likuthamangira kuti malamulo apezane ndi msika. Unduna woona za chuma chosawononga chilengedwe unakhazikitsidwa mu 2021. Mu February 2023 undunawo unasainirana chikalata cha mgwirizano ndi kampani ya Blue Carbon ya ku Dubai chokhudza mahekitala 8 miliyoni a nkhalango, ndipo anthu ambiri anafunsa ngati mafumu ndi midzi ya m'nkhalangozo anafunsidwa maganizo. Mu November 2024 msonkhano wa ku Baku unamaliza malamulo a malonda a kaboni pakati pa maiko pansi pa pangano la ku Paris, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho Zambia inakhazikitsa lamulo la Green Economy and Climate Change Act, Nambala 18 la 2024, limene limaika malonda onse a kaboni pansi pa chilolezo ndi kaundula wa boma. Ntchito ya Luangwa, imene tsopano yakula kufika m'madera a mafumu 17, iyenera kuyenda motsata lamuloli komanso njira yatsopano ya Verra, ndipo mapangano amene midzi ya kwa Shikabeta inasaina akadali ndi zaka pafupifupi 20 kuti athe.